Amake Lubuto ndi Chikwama Chimene Ndinachikana

M'chikwama changa cha m'manja, m'kathumba ka zipi momwe anthu ena amasungamo makiyi, munakhala kanambala ka pulasitiki kwa miyezi isanu ndi iwiri. Kanali kachikasu, kakang'ono ngati chivindikiro cha botolo, ndipo kanalembedwa 23. Sikanali kanga. Kanali ka pakauntala ya amake Lubuto, ndipo ndikanakabweza pa nthawi yake mayi amenewa akanakhala akadali pa ntchito.

Amene mumagula m'masitolo akuluakulu a mu Lusaka mukudziwa mmene zimakhalira. Sungalowe ndi chikwama chachikulu. Mlonda amakuloza pambali pa khomo pamene pali kauntala ya mapaselo, usiye katundu wako, akupatse kanambala, ndipo potuluka ubweze kanambalako utenge zako. Pa molo ina ya ku Woodlands, malo a masitolo ambiri pamodzi amene dzina lake sinditchula, kauntala imeneyi inali m'manja mwa amake Lubuto kwa zaka khumi ndi zinayi. Dzina lawo lenileni linali Mwango Chama, ndipo ndilo linalembedwa pa kabaji ka pa yunifolomu, koma oitana dzina limenelo anali mabwana okha.

Anali mayi wamfupi, wojintcha, wa mikono ya munthu amene wanyamula zambiri pa moyo wake. Kumbuyo kwawo kunali mashelefu ogawidwa m'timabokosi makumi asanu ndi limodzi. Chimene aliyense ankawadziwa nacho ndi chakuti sankadikira nambala. Ukangochoka pa makina olipirira, iwo akuona kale pakati pa khamu, ndipo pofika pakauntala unkapeza chikwama chako chili pamwamba, zogwirira zaloza kwa iwe. Kanambala ankakalandira ndi dzanja lamanzere osakayang'ana n'komwe, maso ali kale pa munthu wotsatira. Ngakhale kumapeto kwa mwezi, pamene Lusaka yense walandira malipiro ndipo matirole akugundana ngati minibasi za ku Kulima Tower, sindinaonepo akupatsa munthu katundu wa mnzake.

Mbiri yawo ndinaimva m'zidutswazidutswa, mphindi ziwiri lero, mphindi ziwiri sabata yamawa, chifukwa pakauntala sipokhalira nkhani. Anabadwira ku Samfya. Mayi awo ankasunga madengu a amalonda ochokera ku Copperbelt amene ankakwera mabwato kukagula nsomba kuzilumba. Madengu onse anali ofanana, eni ake ankatha masiku anayi kapena asanu asanabwere, ndipo panalibe cholemba chilichonse. Mwana wamkazi wa pakhomopo anaphunzira kumangirira dengu ku nkhope ya mwini wake asanadziwe kulemba dzina lake. Sukulu analekezera giredi 5. Anakwatiwa ndi Killian, dalaivala wa lole ya nsomba, amene anabwera nawo ku Lusaka n'kuwakhazika m'kanyumba ka zipinda ziwiri ku Chunga. Killian anamwalira Lubuto ali ndi zaka zitatu. Achibale a mwamuna anabwera kumaliro ndi misozi, n'kubwerera ndi bedi, wailesi ndi mbaula yomwe.

Pamenepo anayamba kugulitsa tomato pansi, kunja kwa msika wa Soweto, kumathawa ndi beseni pamutu tsiku limene ogulitsa m'misewu akuthamangitsidwa. Molo ya ku Woodlands itatsegulidwa analembedwa ntchito yokolopa. Tsiku lina mtsikana wa pakauntala anadwala pakati pa ntchito, manambala anasokonekera, anthu anayamba kukuwa, ndipo mayi wokolopa anasiya mopu n'kuyamba kupereka zikwama kwa eni ake mmodzimmodzi, chifukwa anawaona akulowa. Kuyambira tsikulo mopu sanaigwirenso. Tsiku lililonse ankakwera mabasi awiri kuchoka ku Chunga, kutsika m'tauni, kudutsa njanji wapansi, n'kukwera ina ya ku Woodlands. Pamene ine ndinkawadziwa, Lubuto anali atalowa sukulu ya unamwino, ndipo chithunzi chake atavala zoyera chinali chomatidwa m'kati mwa kabokosi nambala 1, momwe sankaikamo katundu wa munthu.

M'timabokosi tinato munalowa Lusaka yense. Zikwama za ana a sukulu, zipewa za njinga zamoto, batire la galimoto, maenvulopu akuluakulu ochokera kuchipatala, diresi la ukwati. Munkalowanso matumba a repu, impwa ndi kapenta a madamu a ku Kabulonga, amene amagula ku Soweto m'mawa n'kubwera pa molo kudzagula sopo mmodzi kuti apeze pepala lokhala ndi dzina la sitolo. Amake Lubuto ankadziwa bambo amene ankasiya mphatso ziwiri zofanana pa Khirisimasi, ndi mnyamata wa tayi amene m'chikwama chake cha ku ofesi munali nsapato zogulitsa. Sanandiuzepo dzina la munthu ngakhale mmodzi. Ankati iwo analembedwa ntchito yosunga, osati yoyang'ana.

Tsopano ndinene za ine, ngakhale sindikufuna. Dzina langa ndine Beatrice. Ndinabadwira ku Chilenje, makolo anga ndi a ku Katete, ndipo ndinakulira mu mpingo wa Reformed. Ndinakwatiwa ndi Jonas, mwana wa banja la Adventist lochokera ku Monze, ndipo ndinabatizidwa kwawo ndi mtima wonse. Nkhumba ndinasiya osadandaula. Ndolo ndinavula, mabowo a m'makutu anatsekeka. Koma mpingo wathu umaphunzitsanso kuti nsomba yopanda mamba ndi yodetsedwa, ndipo ine ndinaleredwa ndi mlamba. Ndinapirira zaka ziwiri. Nditatenga mimba ya Chipego chilakolako chinabwerera, ndipo mwana atabadwa chinaiwala kuchoka.

Ku ofesi kwathu m'tauni amandilola kuweruka 1 koloko Lachisanu lililonse kuti ndikakonzekere Sabata. Kukonzekera kwanga kunali kotere. Ndinkatsika wapansi ku Soweto, kugula mlamba umodzi wauwisi, kuukulunga m'pepala lakuda n'kuuika m'chikwama changa cha kumsika, chamizere yofiira ndi yabuluu. Ndinkakwera basi ya ku Woodlands, kutsika pa molo, kusiya chikwama pakauntala, n'kulowa kukagula buledi ndi juwisi wa pa Sabata. Kenako ndinkapita kwa amayi ku Chilenje. Tinkaphika, kudya chitseko chili chotseka, ine n'kutsuka m'kamwa ndi mswachi umene ndinkasunga komweko, ndipo dzuwa likamalowa ndinali kwanga ku Woodlands nditamanga duku, ndikuyambitsa nyimbo.

Pakauntala panali chikwangwani choletsa kusiya zakudya zoti n'kuwola. Tsiku loyamba amake Lubuto ananyamula chikwama changa, n'kuchiyesa kulemera m'dzanja, n'kununkhiza pang'ono.

"Mulamba uyu," anatero chapansipansi. "Wa ku Kafue. Bakugulisani wabwino."

Ndinayamba kufotokoza kuti ndi wa amayi anga, koma iwo anali atawerama kale. Anaukulunganso m'pepala lina n'kuuika m'kabokosi 23, pansi penipeni pafupi ndi khoma, pamene ankati ndi pozizira. Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse 23 inkandidikira yopanda kanthu ngakhale timabokosi tina tonse titadzaza. Ankandiona Lamlungu ndikubwera ndi Jonas, ankandiona ndi amayi a kutchalitchi, ndipo ankadziwa bwino lomwe chifukwa chimene mlamba unkayendera m'pepala lakuda. Ndikakhala ndi anthu ankandipatsa moni wa kasitomala wamba. Ndikakhala ndekha ankandifunsa za mano a Chipego ndi shuga wa amayi.

Ine ndinkanyadira ubwenzi umenewu. Ndinkauza anzanga a ku ofesi kuti ine sindisankha anthu, ndimacheza ngakhale ndi mayi wa mapaselo. Pa Khirisimasi ndinkawapatsa madiresi amene anandithina, n'kumayenda tsiku lonse ndikudzimva ngati woyera mtima. Zinandikomera zaka zisanu, chifukwa ubwenziwo sunandifunsepo kanthu.

Chakumapeto kwa chaka chinacho sitolo inalandira manijala watsopano, mnyamata wotchedwa Sean, wa malaya osita bwino ndi nsapato zosongoka. Iye ankafuna kuti chilichonse chiziyenda monga zinalembedwera. Sizinamusangalatse kuona munthu akupereka chikwama asanawerenge nambala, ndipo zoti sanalakwitsepo kwa iye sizinali yankho. Anawachenjeza kawiri ndi kalata, yoyamba ya manambala, yachiwiri atapeza thumba la chikanda, chakudya cha kasitomala wina, m'shelefu. Amake Lubuto anandiuza zimenezi akuseka, koma anati kalata yachitatu ndi ya kunyumba. Ndinamva, ndinawamvera chisoni, ndipo Lachisanu lotsatira ndinabweretsanso mlamba.

Tsikulo linali Lachisanu la mu Febuluwale, kumwamba kutada. Ku Soweto kunali matope ofika mu akakolo, ndipo mayi wogulitsa nsomba, pofulumira kuti avindikire katundu wake, anaumenya mlambawo kamodzi kokha pamutu. Amene mumaudziwa mlamba mukudziwa kuti sufa msanga. Ndinausiya pa 23 monga mwa masiku onse n'kulowa m'sitolo.

Ndikuchoka pa makina ndi buledi m'manja, ndinamva kumbuyo munthu akuitana kuti Bina Chipego, monga Atonga amaitanira mayi ndi dzina la mwana wake. Anali apongozi anga, amayi ake a Jonas, mkulu wa amayi a Dorika kutchalitchi kwathu, ali ndi anzawo awiri a bungwe lomwelo ndi tirole yodzaza. Iwo amakhala ku Kabulonga ndipo sankagula pa molo imeneyi, koma tsikulo anali kochezera wodwala chapafupi. Anakondwa kundiona. Anati mvula yayamba, ndikwere nawo galimoto akanditule pakhomo.

Khomo lotulukira ndi limodzi, ndipo limadutsa pakauntala. Ndinayesa kuyenda chakutali, maso pa foni. Koma pakhomo panali pothithikana ndi anthu obisala mvula, ndipo amake Lubuto anaona nkhope yanga osaona amene ndinali nawo. Pamene khamu linatikankhira pafupi, chikwama chamizere chinali kale pamwamba, zogwirira zaloza kwa ine.

"Ba Beatrice, chola chanu ichi. Endani musanga, mvula izakula."

Ndisanayankhe, chikwama chinagwedezeka chokha. Chinagwera chammbali, pepala lakuda linamasuka, ndipo panatuluka mutu wophwatalala ndi ndevu zake. Mlamba unamenya mchira pakauntala kawiri n'kugwera pansi pa matailosi, pafupi ndi nsapato zoyera za apongozi anga. Mlonda analumpha, mwana wina analira, anthu anafa nalo phwete. Mmodzi wa amayi a Dorika anabwerera m'mbuyo atagwira siketi.

Apongozi sanaseke. Anayang'ana nsomba, anayang'ana chikwama, kenako ine.

"Bina Chipego, ni chanu ichi?"

"Iyayi, amai. Si changa," ndinatero. "Aba amai sinibaziba. Basokoneza chabe."

Sindinanong'one. Ndinalankhula mokweza, ndi mawu a ku ofesi, kuti onse atatu amve. Amake Lubuto anandiyang'ana kanthawi kochepa kwambiri, kenako anayang'ana apongozi ndi anzawo, ndipo ndinaona kuti amvetsa zonse. Munthu amene sanasokonezepo nkhope kuyambira ali mtsikana ku Samfya anaweramitsa mutu.

"Pepani, madamu. Nasokoneza."

Anatuluka kuseri kwa kauntala, anaugwira mlambawo kumbuyo kwa mutu mmene amagwirira odziwa minga yake, n'kuubwezera m'chikwama. Zikanathera pomwepo, koma phokoso linali litaitana Sean. Apongozi anga, amene sasunga mawu m'kamwa, anamuuza kuti n'zochititsa manyazi kuti sitolo yogulitsa buledi izisunga zinthu zodetsedwa pakhomo, n'kumakakamizanso anthu aulemu kuti azitenge. Sean anapepesa kwa ife kangapo. Kenako anatembenukira kwa amake Lubuto n'kufunsa mwini wa chikwama. Iwo anati mwini wake abwera. Iye anati wamva kale mphekesera zoti mashelefu a sitolo asanduka mosungira nsomba za malonda awo, ndipo anaika lamulo pamaso pathu, kuti makasitomala aone kuti iye sanyengerera. Ngati mwini wake abwera ndi nambala 23 sitolo isanatseke mawa, nkhani idzathera pa kudzudzula. Ngati sabwera, ndiye kuti nsomba ndi yawo, ndipo imeneyo ndi kalata yachitatu.

Ndinamva liwu lililonse. Kanambala kanali m'dzanja langa lamanja, pansi pa pepala la buledi, ndipo ndinakafinya mpaka kanasiya chizindikiro m'chikhatho. M'galimoto apongozi analankhula njira yonse za anthu a masiku ano osaopa Mulungu, ndipo ine kumpando wakumbuyo ndinkavomera kuti zoona, amai.

Loweruka ndinakhala m'tchalitchi kanambala kali m'chikwama chimodzi ndi Baibulo. Kuchoka patchalitchi pathu kufika pa molo ndi mphindi khumi wapansi. Ndinadziuza kuti ndi Sabata, munthu salowa m'sitolo, ndipo wina akhoza kundiona. Masana tinakadya kwa apongozi, nkhani ya mlamba inafotokozedwa patebulo ndi manja omwe, ndipo ine ndinaseka nawo. Ndinaganiza zotuma mng'ono wanga kuti akapereke kanambalako ngati kake. Ndinatulutsa foni, n'kukumbukira kuti mng'ono wangayo pakamwa pake sipatsekeka, ndipo ndinaibwezera.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Mu Febuluwale dzuwa limalowa cha m'ma hafu pasiti sikisi, ndipo sitolo inkatseka 8 koloko. Sabata inatha ine ndili ndi ola lathunthu ndi theka limene panalibe lamulo la Mulungu kapena la munthu londiletsa. Jonas anatenga makiyi a galimoto kuti akagule mkaka pa molo yomweyo, n'kundifunsa ngati ndikufuna kanthu kapena kupita nawo. Ndinati ayi, ndatopa. Ndinatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Lolemba nditaweruka ndinapita. Pakauntala panali mtsikana wachilendo amene ankawerenga nambala iliyonse kawiri. Chithunzi cha Lubuto chinali chitachotsedwa, pangotsala zomatira zinayi. Mlonda wa pakhomo, bambo wachikulire wotchedwa Amock, anandikokera pambali. Sanandidzudzule, koma anandiyang'ana ngati munthu wodziwa mwini wa chikwama chamizere, ndipo n'zoona ankachiona Lachisanu lililonse. Anandiuza kuti amake Lubuto anauika mlambawo m'ndowa ya madzi kuseri, ndipo Loweruka lonse anagwira ntchito maso ali pakhomo. Sean anawafunsa katatu kuti angotchula dzina la kasitomalayo amuimbire foni, chifukwa ngati anamuitana ndi dzina ndiye kuti akumudziwa. Iwo anakana, n'kunena kuti dzinalo linali lolakwika, koma mwini weniweni abwera, ndi munthu wabwino. Zitseko zitatsekedwa anavula kabaji, ananyamula chikwama ndi nsomba yake, n'kupita kukakwera basi.

Ndinafika mpaka pakhomo la ofesi ya Sean, kanambala kali m'manja. Pa makina a pafupi pomwepo panali mtsikana wa m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, amene anandibayibitsa mosangalala. Ndinamubayibitsanso, ndinagula machesi, n'kutuluka.

Patatha mwezi kauntala inachotsedwa, m'malo mwake anaikapo timakabati tachitsulo ta makiyi. Ndinayesa kudzitonthoza kuti ntchitoyo ikanatha ndithu, ndi ine kapena popanda ine. Koma Amock anandiuza kuti mtsikana uja anamusamutsira kumbali ya ndiwo zamasamba, ndipo amake Lubuto akanawasamutsanso. Anandiuzanso kuti Lubuto waima kaye sukulu, akuthandiza pa famase ina ku Matero. Zitatero ndinasiya kupita pa molo imeneyo. Mlamba ndinasiyanso, koma musandiyamikire kuti ndinalapa. Unkangondikanira pakhosi. Amayi ku Chilenje anandifunsa ngati ndikudwala, ndipo ndinawanamiza nawonso.

Kanambala sindinakataye. Ndinasintha zikwama kawiri, ndipo kawiri konse ndinakasamutsa. Ndikamafuna makiyi zala zinkakagunda, ndipo manyazi ankandigwira ngati zachitika dzulo, kaya ndili m'basi, kaya pa mzere wa Mgonero.

Mu Seputembala ndinabwerera kwa Amock kukafunsa kumene ali. Anandiuza kuti ndikafike ku City Market, mbali ya kumabasi, ndikafunse mayi wosunga katundu. Ndinapita Lachisanu, pa ola langa lokonzekera Sabata. M'njira ndinakonza mawu ambiri okoma, za mantha anga, za apongozi, za mmene ndavutikira mumtima. Tsopano ndikaganiza ndimaona kuti mawu onsewo anali onena za ine.

Ndinawapeza pakati pa wogulitsa machaja a foni ndi wogulitsa maloko. Kanali kakhumbi ka matabwa ndi malata, kokwana munthu mmodzi, ndipo pamwamba panalembedwa ndi penti kuti TISUNGA KATUNDU. Mashelefu anali a matabwa a mapaleti. Munali masaka a amalonda otsika m'mabasi a kutali, mabeseni, zikwama za anthu osafuna kupanikizana nazo mumsika. Timanambala tawo anatidula ku chigubu cha mafuta ophikira, manambala ake ootcha ndi msomali. Iwo anali atachepa thupi, atavala chitenje ndi juzi, fumbi lili mbuu m'nsidze. Chithunzi cha Lubuto chinali pa kabokosi koyamba.

Panali anthu atatu patsogolo panga, ndipo aliyense anapeza katundu wake ali kale pa thabwa. Itafika nthawi yanga, pa thabwa panalibe kanthu.

"Muli shani, amake Lubuto?" ndinatero, kuyesa moni wa kwawo.

Anandiyang'ana mmene munthu amayang'anira khoma.

"Nambala?"

Ndinati ndine Beatrice, amake Chipego, wa ku Woodlands uja.

"Nambala, madamu. Bantu bali pa laini."

Ndinatsegula kathumba ka zipi. Anakalandira ndi dzanja lamanja, n'kukabweretsa pafupi ndi maso, n'kuwerenga nambalayo mokweza, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita pa zaka zisanu. Kenako anawerama pa shelefu ya pansi penipeni, pafupi ndi khoma, n'kutulutsa chikwama changa chamizere. Chinali chochapidwa, chopindidwa bwino, chomangidwa ndi kachingwe kuti chisalowe fumbi. Anachichotsa ku Woodlands, anapita nacho ku Chunga, anabwera nacho kuno, ndipo chinadya malo a kabokosi kathunthu m'kakhumbi kamene kabokosi kalikonse ndi chakudya cha tsikulo.

"Nsomba tinadya," anatero. "Kuisunga, sembe inaola."

Ndinayamba mawu anga aja. Ndinafika pa pepani n'kulekezera pomwepo. Iwo sanakalipe, sanandinyoze, ndipo ndikanakonda akanatero. Anaika kanambala kachikasu m'chitini pamodzi ndi tinzake ta chigubu.

"Munakamba kuti simuniziba," anatero mofatsa. "Bamene sibaniziba, nimabafunsa nambala."

Kumbuyo kwanga kunali bambo wa ovolosi yodzaza simenti. Ndisanasunthe n'komwe, chikwama chake cha zipangizo chinali kale pa thabwa, zogwirira zaloza kwa iye. Amake Lubuto analandira kanambala kake ndi dzanja lamanzere osakayang'ana, n'kumufunsa ngati mwendo wa mkazi wake wapola. Ndinapatuka kuti adutse, chikwama changa chopanda kanthu ndili nacho pachifuwa.